Musatsanzike viza isanatuluke

Kalata iyi inandipeza Lachiwiri usiku ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Yachokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe amene amuna awo ali ku Britain. Mayiwa anapempha viza yokakhala ndi amuna awo, anadinda zala ku ofesi ya maviza masabata 15 apitawo, mpaka lero kuli zii. Akuti: "Achibale ayamba kunena kuti mwina bambowa ali ndi mkazi wina kumeneko. Kodi ndichotse pempholi ndiyambirenso ndi priority, njira ija yolipira zoonjezera kuti ayankhe msanga? Palinso munthu wina akuti amadziwana ndi a m'kati, ndimupatse ndalama?"

Achemwali, ndikuyankhani. Koma mundilole ndiyambe ndi chikwama changa, chifukwa nditawerenga mawu anu ndi chimene chinabwera m'maso mwanga.

Ine ndinadinda zala ku Lilongwe kumayambiriro kwa Febuluwale 2022. Mayi akunyumba ndi namwino, anapita ku England zaka zambiri zapitazo ndipo ali ndi chilolezo chokhazikika. Chinkhoswe tinachitira ku Zomba, ukwati tinadalitsa kumapeto kwa 2021, patangotha masabata atatu iwo n'kukwera ndege kubwerera kuntchito. Nthawi imeneyo ankati yankho limatuluka pasanathe masabata 12. Ndinatenga kalendala, ndinawerenga ndi chala, ndinazunguliza sabata yoyamba ya Meyi ndi bolopeni yofiira yochongera. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale ku Blantyre. Ndinalemba kalata yosiya ntchito. Ndinagulitsa firiji, mipando ndi bedi, ndinabweza makiyi kwa eni nyumba, n'kukakhala kwa achimwene ku Bangwe poganiza kuti ndi za masabata awiri basi. Kutchalitchi anandiimiritsa kutsogolo, anandipempherera, amayi a Mvano anandipatsa nsalu yoti ndikapatse mkazi wanga. Mayi anga anatumiza ufa woyera, nyemba ndi tsabola wa kambuzi. Zonse ndinalongedza m'chikwama chachikulu chakuda, pamwamba pake jekete yokhuthala imene ndinagula pa kaunjika ku Limbe.

Pa 24 Febuluwale dziko la Russia linalowa mu Ukraine. Boma la Britain linatsegula njira zolandirira anthu othawa nkhondoyo, ndipo mapempho awo anaikidwa patsogolo. Mu Malichi anaimitsa priority ya maviza a mabanja. Mu Meyi, mwezi womwe uja ndinauzunguliza, analengeza kuti masabata 12 aja tsopano ndi 24. Sindinakwiyirepo anthu a ku Ukraine ndipo sindidzawakwiyira, munthu wothawa bomba ayenera kutsogola. Koma nkhondo ya kutali choncho inandipeza ndili pamphasa m'chipinda cha ana a achimwene, wopanda ntchito, wopanda nyumba, pasipoti ili m'manja mwa a ofesi ya maviza.

Amene munali kumudzi chaka chimenecho mukukumbukira mdima wake. Namondwe Ana anali atawononga Kapichira mu Januwale, magetsi ankazima tsiku lonse. Foni ndinkakatchajitsa kwa mnyamata wina wometa tsitsi amene anali ndi sola, ndipo ndinkakhala pabenchi pomwepo kuidikira, kuopa kuti imelo ingabwere ili yozima, ngati kuti imelo imabwerera ikapeza foni yathima. Ikangonjenjemera m'thumba, mtima unkafika pakhosi. Ndinkadzuka 3 koloko usiku kutsegula imelo, ndikudziwa bwino lomwe kuti kumeneko maofesi ndi otseka. Kumapeto kwa Meyi kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndalama za firiji zija zimene ndinasungira tikiti zinangosungunuka m'manja. Tsiku lina mu Julayi ndinatsegula chikwama kuti nditenge jekete chifukwa cha chiperoni. Nyemba za mayi anga zinali zitafumbwa, anankafumbwe ali yakaliyakali m'manja a jekete ndi m'mapindo a nsalu ya amayi a Mvano. Ndinakhala pansi pakhonde kuwachotsa mmodzimmodzi, ndipo mlamu wanga ataona nkhope yanga anangolowa m'nyumba osanena kanthu.

Koma chopweteka kwambiri anali anthu. "Aphunzitsi, simunapitebe?" Pamsika, pa siteji ya minibasi, pamaliro. Ndinasiya kupita kutchalitchi kuja anandipempherera, ndinkapita kwina kumene sankandidziwa. Mawu amene akukuuzani inuwa, inenso anandiuza, kungoti anawatembenuza: mkaziyo wakuthawa, anthu a kunja amatero, ali ndi mzungu wake. Kwathu chikamwini sitichita nacho manyazi, bambo anga anakhala kwa mayi anga moyo wawo wonse. Koma mkamwini amene sanafike n'komwe pamudzi pa mkazi wake, amene akudya nsima ya achimwene ake miyezi isanu, anthu amamuyang'ana mwina.

Ndiye usiku wina ndinachita chinthu chimene ndimamva nacho chisoni mpaka lero. Mayi akunyumba anaimba akuchokera ku shifiti ya usiku, ali m'basi, maso ali psuu. Ine ndinawafunsa kuti, "Kodi mapepala aja munatumizadi onse? Kapena pali chimene simukundiuza?" Anakhala chete nthawi yaitali, kenako ndinangoona denga la basi, foni ataigoneka pamiyendo. Munthu ameneyu anali atagwira mashifiti owonjezera miyezi yambiri kuti alipire ndalama zoposa £1,500 za pempho ndi £1,872 za msonkho wa zaumoyo. Anali atasanja mapepala a malipiro a miyezi 6, masitetimenti a kubanki, kalata ya kuntchito, kalata ya eni nyumba. Tinatha masiku anayi osalankhulana. Ichi ndicho ndikufuna muchimve kuposa china chilichonse: ofesi imene yasunga mapepala anu ilibe nkhope. Simungaikalipire, simungaione, siimva kulira kwanu. Ndiye mkwiyo wonse umafunafuna pogwera, n'kugwera pa munthu yekhayo amene amakuimbirani tsiku lililonse. Achibale akamanena za mkazi wina, akukupatsani nkhope yoti muikwiyire, ndipo nkhopeyo ndi yolakwika. Amuna anu sindiwadziwa, sindingawalumbirire. Koma kuchedwa kwa viza si umboni wa kanthu kalikonse pa iwo.

Ndipo poti ndayamba, ndinene zimene zili kukhosi. Malamulo amenewa ndi ouma mtima, ndipo chaka ndi chaka akuumirabe. Kuyambira mu Julayi 2012, munthu wofuna kuitanitsa mkazi kapena mwamuna wake ankayenera kulandira £18,600 pachaka. Pa 11 Epulo 2024 anakweza kufika £29,000. Msonkho wa zaumoyo uja unachoka pa £624 kufika £1,035 pachaka mu Febuluwale 2024, ndipo amakulipiritsa wa zaka zitatu nthawi imodzi. Pempho lenilenilo linafika £1,938 mu Epulo 2025. Phatikizani nokha, ndi ndalama zoposa £5,000 musanagule tikiti, musanayezetse TB, musanalembe mayeso a Chingerezi. Inde, mayeso a Chingerezi, chifukwa Malawi sali pamndandanda wa maiko amene iwo amawawerengera kuti ndi olankhula Chingerezi, ngakhale mwana wathu amaphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Ndiye ukalandira ndalama zochuluka choncho kwa wosamalira okalamba, kwa woyendetsa basi, kwa namwino, sunga tsiku limene unalonjeza. Ukalephera, nena chifukwa. Si chifundo chimene tikupempha, tinalipira. Ndipo priority ine ndimaiona ngati kugulitsa malo pamzere: wolemera akumane ndi mkazi wake msanga, wosauka adikire. Ena amati dziko ndi la eni ake, achite zimene akufuna. Zoona, koma amene akuitanitsa mnzakeyo ndi nzika ya dzikolo kapena wokhazikika, amalipira msonkho komweko, ndipo usiku ndiye akutembenuza odwala awo.

China chimene sindinachiiwale ndi umboni wa chikondi. Amafuna uonetse kuti banjalo ndi lenileni. Ndinapita pa kashopu kena ku Limbe kukapulinta mauthenga athu a pa WhatsApp ndi mndandanda wa mafoni amene tinaimbirana. Mtsikana wa pamakina ankayang'ana tsamba lililonse likamatuluka, ndipo ndinkadziwa kuti akuwerenga mawu amene ndinalembera mkazi wanga pakati pa usiku. Kwathu banja limatsimikizika ndi ankhoswe, amalume a uku ndi a uko atakhala pamphasa, nkhuku zitasinthana manja, mudzi wonse ukuona. Zonsezo papepala lawo zilibe pokhala. Chokhala nacho ndi chithunzi cha foni chosonyeza kuti munalankhula mphindi 47.

Amene anandidzutsa ndi mayi anga. Ndinapita ku Zomba kumapeto kwa Julayi ndili wowonda, ndevu zili nyankhalala. Sanandiuze za maso a nkhono, mwambi umene aliyense ankandiponyera mpaka ndinatopa nawo. Anandiuza za mayi awo. Agogo aamuna anapita ku Joni pa Wenela, ndipo nthawi ina anatha zaka zitatu osabwera, kalata kamodzi pa miyezi ingapo, yowerengedwa ndi mwana wasukulu. Ambiri a m'mudzimo sanabwerenso, anasanduka matchona. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo, ndipo amayi m'midzi anatha masiku osadziwa ngati wawo anali momwemo. "Koma agogo ako," anatero mayi, "sanasiye khasu tsiku ndi limodzi lomwe. Ankadikira ali kumunda. Iwe ukudikira uli chogona." Ife Amalawi kudikirana m'banja sitinayambe lero. Amuna a ku Halale, a ku migodi, lero a ku Cape Town ndi Johannesburg, nthawi zonse pali wina watsala akuyang'ana kumsewu. Chosiyana n'chakuti kale wotsalayo ankadziwa kuti watsala. Ife a maviza timakhala ngati tanyamuka kale, mwendo umodzi m'ndege, choncho sitidzala, sitimanga, sitigula ngakhale thumba la makala lathunthu.

Nditabwerera ku Bangwe ndinayamba kuphunzitsa mapatitaimu pakhonde pa achimwene, ana asanu ndi awiri obwereza MSCE. Imelo ndinadziikira lamulo loitsegula kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo. Ndi mayi akunyumba tinagwirizana kuti nkhani ya viza tizikamba Lamlungu lokha, masiku enawa tizikamba za odwala awo, za ana angawo, za mtengo wa tomato. Tinayambanso kuseka pafoni.

Tsono za mafunso anu

Musachotse pempholo. Mukadinda zala, ndalama ya pempho sabweza, ndipo kuyambiranso ndi kubwerera kumchira kwa mzere ndi mapepala atsopano, chifukwa a malipiro ndi a kubanki sayenera kupitirira masiku 28 patsiku lopempha, satifiketi ya TB nayo imatha pa miyezi 6. Masabata amawerengedwa kuchokera tsiku limene munadinda zala, osati limene munalipira. Yang'anani mu spam tsiku lililonse, nonse awiri, poti nthawi zina amapempha pepala lina n'kupereka masiku ochepa. Popeza mwadutsa masabata 12 amene akulonjezanso masiku ano, amuna anu alembere phungu wa dera limene akukhala, aike nambala ya pempho lanu, ija yoyamba ndi zilembo GWF, tsiku lodinda zala, ndi mavuto amene kuchedwaku kwabweretsa. Aphungu ali ndi njira yawo yofunsira ndipo salipiritsa. Munthu wa "m'kati" uja musamupatse ngakhale tambala. Chigamulo sichipangidwa pawindo pamene munasiya mapepala, ndipo chinyengo chikapezeka pa fayilo yanu, banga lake limakutsatirani. Mukafuna thandizo, amuna anu apeze loya kapena mlangizi wovomerezeka ndi boma komweko.

Ngati muli pantchito, musalembe kalata yosiya. Ngati muli ndi geni, pitirizani kuoda. Nyumba musabweze, mbale musagawe, kutchalitchi musatsanzike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Achibale akafunsa, auzeni kuti mudzawadziwitsa, basi, masiku musawatchulire.

Yanga inatuluka sabata ya 28. Imelo yake sinanene kuti ndapata kapena ndakanidwa, inangoti pasipoti yafika. Ndinakwera basi ya m'bandakucha kupita ku Lilongwe, ndinalandira envelopu, ndinatuluka nayo panja chifukwa manja ankanjenjemera ndipo sindinafune kuti alonda aone. Ndinaitsegulira pansi pa mtengo, pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Nditaona chikwangwani chomatidwa m'pasipotimo ndinaimbira mkazi wanga, anali pantchito, anayankhira m'kachipinda kosungira mabulangete, tonse osatha kulankhula. Viza imeneyo ndi ya miyezi 33 yokha. Mu 2025 tinalipiranso, tinasanjanso mapepala, tinadikiranso, koma ulendo uno tikudya mbale imodzi. Nsalu ya amayi a Mvano ija inafika ndi timabowo tiwiri m'mphepete, mkazi wanga anasoka, ili pampando wa pabalaza.

Achemwali, ndilembereninso phungu akayankha. Ndipo usiku uno bambowo akaimba, afunseni kaye ngati adya.