Funsani Tikuyankheni: Fonti yonenepa ya timiyendo ija

FUNSO: Moni akonzi. Ndili ndi kashopu kosindikiza, timapanga makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi maposta a tchalitchi. Kasitomala wina wabwera ndi posta yakale ya zilembo zonenepa zokhala ndi timiyendo kunsonga, akuti akufuna zomwezo basi, ndasaka pa kompyuta mpaka mutu kuwawa. Dzina la fonti (mtundu wa zilembo) imeneyi ndi chani, nanga ndingaiike paliponse?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Zikomo mayi. Mmene mwafotokozeramu, yoyamba kuiganizira ndi Clarendon. Tengani postayo muyang'anitsitse, timiyendo take (ma serif) ndi tonenepa koma pokumana ndi thunthu la chilembo pamapindika mosalala, palibe kona yakuthwa, komanso a, c ndi r zimakhala ndi kadontho kozungulira kunsonga. Mukaona timiyendo ta makona okhaokha ngati timatabwa tokhomera, imeneyo mwina ndi Rockwell, ndipo yomweyo mutha kuipeza mu Microsoft Office ngati Clarendon mulibe.

Clarendon ndi yakalekale, inatuluka ku London mu 1845 kwa Robert Besley wa Fann Street Foundry, kampani yopanga zilembo zosindikizira. Iye anailembetsa ku boma kuti ena asamubere koma chitetezocho chinali cha zaka 3 zokha, zitangotha osindikiza ena anaikopera mwaunyinji, nchifukwa chake masiku ano ma Clarendon alipo ambirimbiri osiyana pang'onopang'ono. Ntchito yake poyamba inali yoti mawu ofunika azionekera pakati pa zilembo wamba, monga mawu otsogolera mu dikishonale, nthawi imeneyo kunalibe zongodina B pa kompyuta mawu nkuda ayi. Ku America inadzatchuka pa maposta, ndipo kwa zaka zambiri inali pa zikwangwani za m'mapaki a boma.

Ndiye paliponse? Ayi mayi, chonde. Pa pulogalamu ya maliro iikeni pa dzina la malemu ndi madeti basi, imaoneka yaulemu ndipo ngakhale agogo amene maso anayamba kuvuta amawerenga osavutika. Koma nyimbo ndi mbiri ya malemu lembani ndi Times New Roman wamba saizi 12, chifukwa zilembo zonenepazi zikachepa nkupita pa fotokope inki imadzaza timabowo ta e ndi a, anthu pamaliro nkumangong'ung'udza nyimbo osaona mawu, zimandiwawa kwambiri zimenezi poti abale amakhala alipira ndalama zawo pa nthawi yovuta. Pa posta ya tchalitchi ndiye kwawo, ikulitseni mutu uzioneka munthu ali kutsidya la msewu. Pa khadi la ukwati ine ndimaiona yolemera, mwina pa deti pokha.

Musaidinenso B poti ndi yonenepa kale. Ndipo musanasindikize yesani kulemba ŵ ya Malaŵi, ma Clarendon ena otsitsa pa intaneti alibe chilembochi, pamangotuluka kabokosi kapena ŵ ya fonti ina.