Tizing'i ku hositelo: yankho langa kwa aphunzitsi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena, mphunzitsi wachinyamata amene wangomaliza kumene ku Domasi College ndipo amutumiza pa sekondale ina yogonera konko kuno ku Zomba. Dzina lawo ndi la sukuluyo sinditchula, anandipempha okha. Funso lawo mwachidule ndi ili: awaika kuti azithandiza abodingi masita, nde apeza kuti ana a Fomu 1 akuchapitsidwa zovala za akuluakulu, kulandidwa shuga, kudzutsidwa usiku kuti aziimba, zija timati tizing'i. Atakanena ku staff room anzawo anangoseka, akuti "ndi mwambo umenewo, tonse tinadutsamo." Ndiye akufunsa, alowerere kapena angoyang'ana? Anawonjezeranso kuti ana ayamba kale kuwatcha Tochi chifukwa choyenda ndi tochi usiku, ndipo zikuwawawa.

Achimwene, pepani ndachedwa kuyankha, nkhani yanuyi inandikumbutsa zinthu zimene ndinkafuna nditaiwala.

Ine ndinadutsamodi. Usiku woyamba ku hositelo anandipatsa kamtengo ka machesi kuti ndiyeze kutalika kwa khonde lonse ndikawauze ndi timitengo tingati, ndikasokoneza ndiyambirenso. Mnzanga wina anamuuza azimitse babu lamagetsi pouzira ngati nyali, anauzira mpaka kuona chizungulire. Wina anampatsa kandalama kosakwana ngakhale switi imodzi kuti akagule buledi, Sobo ndi chiponde abwerenso ndi chenje. Zimenezi tikakumana lero timaseka mpaka misozi, ndipo ndi zimene anzanu a ku staff room aja akukumbukira akamati mwambo. Koma mutu wa munthu umasankha zosunga. Sakukumbukira mnyamata wa kwa Jali amene tinali naye, wamfupi wosayankhula kwambiri, amene ankakodza pogona. Atangozindikira anamupachikitsa bulangete lake pa waya kutsogolo kwa dayini, kamba yense amene mayi ake anamupangira anadyedwa masiku awiri, ndipo mu Juni kukuzizira mmene kumazizirira mphepo ikamatsika ku Chawe muja ankamudzutsa folo koloko kuti akachape. Temu yotsatira sanabwere. Mwana woti anakhoza PSLCE nkusankhidwa, pa mudzi wonse mwina yekha, anangobwerera kukagwira matemba ku Chilwa kaya, sitinamvenso za iye.

Nde mukandifunsa ngati ndi mwambo, ndikuti eya ndi mwambo, koma mumtanga umenewo mwasakanikirana chimanga ndi anankafumbwe, ntchito yanu ndi kupeta osati kutaya zonse.

Pali zina zoti musazikhudze nkomwe. Nyimbo zimene amaimba timu ya sukulu ikamasewera, ngakhale zina zimakhala zotukwana pang'ono sukulu inayo. Ma Fomu 4 kulemberana mayina pa malaya a yunifolomu tsiku lomaliza MSCE. Variety show imene amatsanzira mayendedwe a ahedi. Mayina amene amapatsa malo, zakudya, ngakhale sukulu zimene, si inu mukudziwa kuti Zomba Catholic anthu ambiri amangoti Box 2 basi. Zinthu ngati zimenezi ndi za ana eni ake, sizinalembedwe mu silabasi, ndipo ndi zimene zimapangitsa munthu wa zaka 50 kukumbatirana ndi mlendo mu minibasi atangomva kuti anaphunzira sukulu imodzi. Mphunzitsi amene amalimbana ndi zimenezi amangodzitopetsa, komanso ana amasiya kumuuza zinthu zenizeni.

Malire ake ine ndimayeza chonchi: kodi mwana wa Fomu 1 uja angakane osaona zakuda? Ndipo kodi akutaya chiyani, chakudya, tulo, ndalama, thupi lake? Ngati akugona ndi njala chifukwa ndiwo zake wadya wina, ameneyo waberedwa, ngakhale wakubayo atavala baji.

Pano pali mfundo imene anzanu sangakuuzeni. Aphunzitsi ambiri tizing'i amamudziwa bwinobwino ndipo tizing'iyo amawathandiza iwowo. Ndikunena izi ngati munthu amene ndinagwirako choko zaka zingapo. Hositelo ya ana mahandiredi, abodingi masita mmodzi amene alinso ndi makalasi ake masana, banja lake usiku, malipiro omwewo. Akuluakulu akamaopseza ang'onoang'ono hositelo imakhala zii, mabafa amakolopedwa, udzu umatchetchedwa, palibe amene amagogoda pakhomo pa mphunzitsi pakati pa usiku. Nde mawu oti mwambo aja nthawi zina amangotanthauza kuti tisiyeni tigone. Sindikuwanyoza ayi, kutopa ndi kwenikweni, koma inu muzidziwa chimene mukulimbana nacho musanakaime pa asembule nkumalalata.

Ndipo pa asembule musayambire. Ndinayesapo ine, ndinalankhula mokweza kuti aliyense wozunzidwa abwere adzanene, ana anaomba m'manja, usiku womwewo ma Fomu 1 anagwaditsidwa kuti aulule amene wanena. Palibe anabwera. Mwana sangatchule dzina la munthu amene akugona naye chipinda chimodzi pamene inu mukukagona kwanu.

Chimene chinandithandiza ndi kuyang'ana ma Fomu 2. Anthu amaganiza kuti ankhanza ndi a Fomu 4 koma ayi, iwowo mitu ili ku MANEB, akuwerenga mapazi ali m'ndowa ya madzi kuti asagone. Ovuta ndi amene angotuluka kumene mu moto, bala likadali laliwisi, chaka chonse akhala akuwerengera masiku kuti nafenso tidzabweze. Ine ndemwe ndili Fomu 2 ndinalandapo kamwana paketi ya shuga, ndipo sindinamve chisoni, ndinamva ngati ndalandira malipiro anga. Ndiye gwirani amenewa ma Fomu 1 asanafike, kumapeto kwa temu yachitatu akadali a Fomu 1 iwowo. Khalani nawo pansi pa mtengo, osati mkalasi, afunseni chimene chinawapweteka kwambiri. Amayankhula, mudzadabwa. Kenako apatseni udindo, aliyense akhale ndi mwana wake womulondolera ku dayini, ku pulepu, kwa anesi, ndipo mwanayo akasowa mbale kapena akaonda wofunsidwa ndi iyeyo. Ku sukulu za atsikana zoti wamkulu amatenga wamng'ono ngati mwana wake zilipo kale, kungoti nazonso zikapanda diso zimasanduka ukapolo wochapa.

Kwinako ndi miyendo yanu basi. Muzifika ku hositelo nthawi zosadziwika, lero 9 koloko mawa 4 koloko m'mawa, mkuja osapita. Muziima pa mzere wa nsima tsiku la nyama, chifukwa tsiku la nyemba palibe amalanda za mnzake. Yang'anani manja, mwana amene zala zatuwa ndi kusupuka akuchapira anthu asanu. Amene akusinza piriyodi yoyamba, amene akupempha chilolezo chopita kwawo sabata iliyonse mutu ukuwawa, amenewo muwaitane ngati mukuwatuma choko, osati pagulu.

Zikafika pomenyana, kuvulana zovala kapena kugwirana thupi, pamenepo musanyengerere ndipo musaweruze nokha. Lembani tsiku, nthawi, zimene mwaona ndi maso anu, mupereke kwa ahedi ndi komiti ya disipulini, kope musunge. Malamulo a unduna wa zamaphunziro amaletsa tizing'i ndipo mwana atha kuchotsedwa naye sukulu, nkhani zikakula zimapita ku ofesi ya South East Education Division imene ili konkuno ku Zomba. Kumbukiraninso kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, nde wa zaka 13 kapena 14 amene makolo akusiyirani pa geti uja ali m'manja mwanu. Koma chonde inuyo musamenye, ngakhale mtima utawira bwanji. Mukakwapula wa Fomu 3 mkwapulo umenewo umatsika masitepe mpaka ukafike kwa wamng'ono kwambiri usiku womwewo, komanso ntchito ikhoza kukutherani.

Za anzanu a ku staff room, musawachititse manyazi pa miting'i, ndinu watsopano ndipo muona ngati mukuyenda nokha. Pezani mmodzi wachikulire, makamaka amene mwana wake ali ku bodingi kwinakwake, mumufunse nzeru ngakhale mukudziwa kale yankho. Makolo a mu PTA nawonso, amayi makamaka, nkhani ya shuga ndi sopo wotha sabata imodzi amaimva msanga chifukwa ogula ndi iwo.

Sindikulonjezani kuti zitha chaka chino. Kumene ndinali ine kuchapitsana kunachepa, kulanda kamba sikunathe, ankangobisa bwino.

Tsono za dzina lija. Achimwene, Tochi ndi dzina labwino, thokozani. Ife tinali ndi wina tinkamutcha Chikwakwa chifukwa chilango chake chinali chimodzi chomwecho, ndipo ine amene ana ankanditcha Mwamvaeti, mpaka lero ndikamadutsa mu msika wa Zomba ndimamva bambo wandevu akukuwa "a Mwamvaeti!" ali ndi ana ake pambali. Ana sapatsa dzina mphunzitsi amene sakumuona. Langizo langa ndi loti mugule tochi yochajisa, mabatire akudula, ndipo musamavale nsapato zogogoda chifukwa amakumvani mukadali pa bwalo la mpira.