Tayala lophwa usiku uliwonse: kumatitsanso kapena kugula lina?

Achimwene, mwati tayala lakumbuyo la njinga yanu yamoto ya kabaza limagona lolimba koma kukacha mumalipeza litaphwa, mwamatitsa kale katatu pa Nchalo, ndipo mukufuna kudziwa ngati mumatitsenso kapena mungogula lina. Ndaona ambiri akuyankhani kuti gulani latsopano basi. Ine ndikuti musatulutse ndalama musanadziwe pomwe mpweya ukutulukira. Matayala anakwera mtengo kwambiri chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zimapweteka kugula tayala latsopano n'kupeza kuti mawa lake nalonso laphwa chifukwa vuto linali pa limu.

Simunanene ngati tayala lanulo ndi la chubu kapena chubulesi. Ngati limu yanu ndi ya masipoko, monga njinga zambiri zomwe zikuyenda kuno kuchigwa, ndiye kuti muli chubu, ndipo chomwe chimasunga mpweya ndi chubuyo, osati tayala. Funso lanu likhala pawiri: chubu ndi yabwino? Nanga tayala?

Yambani ndi valavu, chifukwa sizilira ndalama. Popani, chotsani kachivindikiro, pakani malovu pakamwa pa valavuyo. Likatuluka thovu ndiye kuti kapini ka m'katimo kakhwefuka kapena katha, kamangofunika kumanga kapena kusintha. Anthu ambiri amamatitsa chubu yabwinobwino chifukwa cha kanthu kameneka. Onaninso ngati valavu yaima chilili kapena yapendekeka. Ikapendekeka ndiye kuti munayendapo ndi mpweya wochepa, tayala linaseleleka pa limu n'kukoka chubu, ndipo patsinde pa valavu pamakhala patayamba kung'ambika. Pamenepo sipamatika. Omata ena amayesa, koma sipachedwa kutseguka.

Valavu ikakhala bwino, tayala lichoke, ndipo inuyo mukhale pomwepo, osasiya njinga n'kupita kukadya nsima. Womata akaviika chubu m'beseni n'kupeza bowo, funso lomwe ambiri safunsa ndi lakuti bowolo lili mbali iti. Likakhala kunja, mbali yoyang'ana kumsewu, ndi minga kapena msomali. Minga ya mthethe, yomwe yangoti mbwee m'tinjira todutsa ng'ombe cha ku Ngabu uku, imathyokera m'tayala momwemo, kunja osaoneka n'komwe. Mumata chubu, mubwezera m'tayala lomwelo, kansonga kaja kaboolanso pafupi ndi chigamba. Ndikukayikira kuti zanuzi n'zimenezi, poti mwati likuphwa pang'onopang'ono. Njira yake n'kugoneka chubu pamwamba pa tayala molingana ndi pomwe panali valavu, n'kufufuza malo oyang'anizana ndi bowolo. Pitirizani kansalu m'kati monse mwa tayala, kakakola penapake ndiye kuti mwapeza. Osagwiritsa zala, nthawi zina kamakhala kawaya.

Bowo likakhala m'kati, mbali yoyang'ana ku limu, tayala lilibe mlandu. Pali lamba wa labala yemwe amaphimba mitu ya masipoko, ndipo akaduka kapena kusuntha, mitu ija imadya chubu. Dzimbiri nalonso limatero. Njinga zambiri za kuno zinaoloka madzi ndi matope nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, komanso chaka chilichonse dzinja likafika zimadumphira m'timitsinje ta ku East Bank, ndiye madzi amalowera m'mabowo a masipoko n'kukhala m'menemo. Limu yotere imafuna kupalidwa ndi sandipepa ndi kuikidwa lamba wina. Mukapeza timabowo tiwiri toyandikana, chubu inapanidwa pakati pa limu ndi mwala kapena m'mphepete mwa dzenje, mpweya uli wochepa, kapena womatayo anaitsina ndi chitsulo chake pobwezera tayala. Ndipo poti omata ambiri amagwirira ntchito pansi pamchenga, muonetsetse kuti akutumula tayalalo asanalowetse chubu. Mchenga wotsalira m'katimo umakhula chubu mpaka kubooka.

Tsono za kumata. Kumata si kolakwika ayi, chigamba choikidwa bwino chikhoza kutha limodzi ndi chubu. Chomwe chimativuta kuno n'kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, phula la M1 limatentha kuposa pamenepo, ndipo tayala lonyamula katundu limadzitenthetsanso lokha likamayenda. Kachidutswa ka chubu yakale komatidwa ndi guluu wamba kamafewa n'kuyamba kutukuka m'mphepete, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono ndendende momwe mwafotokozeramo. Chigamba chenicheni chogula, pamalo popalidwa bwino, sulushoni atasiyidwa kuti aume kaye asanachiike, chimagwirana ndi labalayo. Chomata ndi moto chimalimbanso. Womata yemwe akupaka sulushoni n'kuika chigamba nthawi yomweyo chikadali chonyowa, akufuna kuti mubwerenso.

Maganizo anga pa chubu yanuyo: yakwana. Zigamba ziwiri zotalikirana ndimazilola, koma chachitatu ndi chachinayi ndiye mukungotaya ndalama ndi makasitomala omwe akukudutsani pasiteji inu muli kwa womata. Chigamba pamwamba pa chinzake, chubu yong'ambika pamsoko, kapena yomwe yafutukuka mpaka kuchita makwinya, zonsezo n'zotaya. Chubu ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi tayala. Ingoonetsetsani kuti nambala yake ikufanana ndi ya tayala: ya 18 siilowa bwino m'tayala la 17, imapindika, ndipo popindikapo ndi pomwe imadzabookera.

Tayalalo lili pansi kale, liyang'aneni bwino. Kabowo ka minga pakati pomwe limaponda pansi si chifukwa cholitayira. Lotaya ndi lomwe lang'ambika kapena lachita chotupa m'mbali, lomwe ulusi wake ukuoneka kunja kapena wathothoka m'kati, ndi lomwe waya wa m'mphepete wogwira limu waduka. M'mbali mwa tayala mumapindika ulendo uliwonse likazungulira, n'chifukwa chake chigamba sichikhalitsamo. Ndikudziwa kuti ena amalowetsamo chidutswa cha tayala lakale kuti chitseke pong'ambikapo, ena mpaka kusoka ndi ulusi. Zimenezo n'zokufikitsani kunyumba mukafera patchire cha ku Chapananga, osati zogwirira ntchito, chifukwa m'mphepete mwa chidutswacho mumadya chubu ndipo tsiku lina imaphulika. Ngati munayendapo mtunda tayala lili lophweratu, yang'anani m'kati: mukaona fumbi lakuda la labala kapena mzere wozungulira ngati lapsa, ulusi unavulala kale ngakhale kunja likuoneka bwino.

Kutha kwa mizere kuli ndi chizindikiro chake. M'mphepete mwa matayala ambiri muli kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo TWI, ndipo moyang'anizana nako, m'kati mwa mzere, muli kamlatho kakang'ono ka labala. Pamwamba pa tayala pakafanana ndi kamlathoko, latha. Tayala losalala limaboola msanga poti labala wapyapyala, n'chifukwa chake mapancha amachuluka tayala likamafika kumapeto. Ming'alu yaing'onoing'ono m'mizere ndi m'mbali ndi ntchito ya dzuwa, ndipo kuno njinga imakhala padzuwa pasiteji tsiku lonse.

Ngati ndi chubulesi nkhani yake ndi yaifupi. Thirani madzi a sopo tayala lonse, m'mphepete mwa limu ndi pa valavu. Bowo laling'ono la msomali, losapitirira mamilimita 6, pakati pa tayala, limakonzeka. Kachingwe kobaya kunja kaja n'kongothandizira paulendo, kukonza kwenikweni n'kuchotsa tayala n'kumata kuchokera m'kati. Thovu likamatuluka m'mphepete mwa limu, ndiye kuti limu inapindika m'dzenje kapena yachita litsiro, ndipo tayala latsopano silingathetse vutolo.

Zonsezi ndikunena poti mwati ndi lakumbuyo. Likanakhala lakutsogolo ndikanakuuzani kuti musamanyengerere n'komwe. Chubu ikaphulika mpweya umatha nthawi imodzi, ndipo kutsogolo zikatero mahandulo sakumveraninso. Ganizirani zikuchitikireni mukutsika makona a kuchokera ku Blantyre kulowera pa Thabwa muli ndi munthu kumbuyo.

Mukaona kuti tayala ndi logula, werengani zolembedwa m'mbali musanalipire. Pali manambala anayi osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 2322 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Tayala limakalamba ngakhale lili m'sitolo, ndipo opanga matayala amalangiza kuti likapitirira zaka 5 liziunikidwa kawirikawiri. Palinso nambala ya kulemera komwe lingasenze, monga 47P kapena 50P (P-yo ikunena za liwiro). 47 ndi makilogalamu 175, 50 ndi 190, pa tayala limodzilo. Tsono ikanipo inuyo, kasitomala, thumba la mpunga la makilogalamu 50 lochokera ku Muona ndi gawo la kulemera kwa njinga yeniyeniyo, zambiri zikutsamira kumbuyo, muona chifukwa chake matayala akumbuyo a kabaza sakhalitsa. Pa ntchito yanuyi sankhani lokhala ndi nambala yokwererapo, kapena lolembedwa 6PR m'malo mwa 4PR (PR imasonyeza kulimba kwa ulusi wa tayala). Lakale logula pamsika ine sindilikhulupirira, pokhapokha mutaliona m'kati ndi maso anu. Tayala latsopano lizilowa ndi chubu yatsopano, ndipo ngati lili ndi kamuvi m'mbali, kaloze komwe limazungulira njinga ikamapita kutsogolo.

Mpweya muziyeza ndi geji, m'mawa musanayambe kuyenda, osati kukanikiza ndi chala. Njinga zambiri za injini ya 125cc ndi 150cc zimafuna cha m'ma 25 psi kutsogolo, 28 kumbuyo mukakhala nokha, ndi cha m'ma 32 mukanyamula, koma tsatirani zomwe zalembedwa pa kasitika ka panjinga yanu. Pali chizolowezi chophwetsako tayala masana poopa kuti liphulika ndi dzuwa. Geji imakweradi tayala likatentha, koma opanga anawerengera kale zimenezo. Mukaphwetsa lili lotentha, m'mawa limapezeka lochepa mpweya, limapindika kwambiri poyenda, limatentha kuposa kale, valavu n'kuyamba kupendekeka kuja.

Mukalichotsa, jambulani chubu pomwe pali mabowo, m'kati mwa tayala ndi limu, muponye pagulu pano tione.