Simentiyo musagule, achemwali

Imelo yanu ndaiwerenga ndili m'basi pochokera ku ntchito, ndipo nditafika pamene mwalemba kuti Loweruka mukagula simenti mutseke mabowo onse a kukhoma, ndinatsala pang'ono kukuwa anthu ali phee. Mukuti muli ku Leeds m'nyumba ya lendi, yakalekale ya njerwa zofiira, usiku timakoswe timathamanga pansi pa matabwa, pabalaza pamanunkha chinyontho, ndipo kunja m'munsi mwa khoma mwaona njerwa zobowolabowola zomwe mukuganiza kuti ndiye khomo lawo. Mwina ndi khomo lawodi. Koma simentiyo ayi. Ine ndinachitapo zimenezo.

Chinali chaka changa chachiwiri ku Manchester, mwezi wa Novembala, kuzizira kolowa m'mafupa kuja. Ndikakhala pampando ndinkamva kamphepo kakutuluka m'mipata ya matabwa n'kumandinyambita akakolo. Kenako ndinapeza timanyi takuda ngati mpunga wopserera kuseri kwa chitofu, thumba la ufa lomwe ndinaligula modula ku shopu ya zakudya zakwathu litabooledwa pakona. Ufa! Apo ndiye mtima unandipsa. Ndinazungulira nyumba, ndinapeza njerwa zamabowozo zinayi, ziwiri kumaso ziwiri kuseri, ndinazitsendera nyuzipepala n'kumata simenti pamwamba. Ndinadziona ngati mmisiri. Mphepo inaleka, ndipo ndinauza aliyense ku tchalitchi kuti azungu amamanga nyumba zobooka dala kuti tizilipira gasi wambiri.

Makoswe sanaleke. Ankalowera pena, pamene paipi ya sinki imaboola khoma. Chomwe chinasintha ndi fungo. Patatha miyezi ingapo nsapato za m'kabati zinachita chuku, kapeti ankamveka ngati wonyowa, ndipo chaka chisanathe thabwa la pafupi ndi khomo linayamba kunyenyeka ukaliponda, ngati buledi wouma. Kalipentala amene anabwera atazula matabwa awiri anandiitana kuti ndisuzumire. Pansi pake panali mphako yoti mwana akhoza kukwawamo, dothi lonyowa, ndipo mitanda yonyamula matabwa itakutidwa ndi zoyera ngati thonje. Ndi bowa wodya mitengo, iwo amati dry rot. Anandifunsa kuti watseka air brick, njerwa zamabowo zija, ndani. Ndinayang'ana kudenga.

Chimene chinandipweteka si ndalama yokha, ngakhale dipoziti yanga inathera pomwepo. Chinandipweteka n'choti nzeru imeneyi ndinakula nayo. Agogo anga ku Ntcheu sankaika nkhokwe pa dothi. Inkakhala pa miyala, pamwamba pa miyala mitengo, pansi pake mpata woti nkhuku zizibisalamo dzuwa. Ndili mwana ndinkayesa kuti mpatawo ndi wa nkhukuzo. Ayi, ndi wa mphepo, kuti chinyezi chochokera m'nthaka chizipita osafika ku chimanga. Nyumba zakale za kuno zamangidwa chimodzimodzi. Matabwa amakhala m'mwamba, dothi pansi, ndipo njerwa zamabowozo zimalowetsa mphepo kumaso n'kuitulutsa kuseri. Mukazitseka, nthunzi ya m'dothi imasowa kopita, imakhazikika pa mitanda, ndipo mtengo ukangonyowa kupitirira 20 peresenti bowa uja wapeza munda. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndinaponya mwala, mkhate unasweka, khoswe n'kudutsa akundiyang'ana.

Ndikuti khoswe dala. Kuno amasiyanitsa kakang'ono ndi wamkulu, koma kwathu chilichonse chokhala m'nyumba n'kumadya za munthu ndi khoswe basi. Mbewa ndi ya kutchire, yodya mbewu m'munda, ija anyamata amaima nayo pampani m'mphepete mwa M1 dzinja likatha. Mnzanga wa ku ntchito, mzungu, atamva kuti kwathu timadya mbewa anandifunsa moseka ngati vuto langa silinali chakudya chaulere. Ndinatha nthawi yonse yopuma ndikumufotokozera kuti palibe Mchewa angaike za m'ngalande m'poto. Sanamvetse. Ine ndinangoyamba kulakalaka kapuku wowamba wothira mchere ndi nsima yotentha, tsiku lonse linandiwonongekera.

Tsopano pali mzere wina mu imelo yanu umene wandikwiyitsa, osati ndi inu koma ndi tonsefe. Mwati simukufuna kuvutitsa a landilodi chifukwa ndi munthu wabwino ndipo simunakhalitse. Ifetu a Malawi ulemu udzatipha. Timalipira lendi pa tsiku lake, kusiya ana kumudzi akudikira fizi, koma denga likamadontha timaika beseni n'kumati tisaoneke ovuta. Ena amaopa kuti akadandaula zikhudza viza yawo. Khoma lonyowa ndi viza sizikumana paliponse. Ku England lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limati kukonza makoma, denga, mapaipi ndi ngalande za madzi a mvula ndi udindo wa mwini nyumba, ndipo lina la 2018 limati nyumba ya lendi iyenera kukhala yoti munthu n'kukhalamo. Chinyontho si nkhani yamasewera. Mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira ku Rochdale mu 2020 chifukwa cha chuku cha m'nyumba imene ankakhala. Inu muli ndi ana awiri mwatero. Mbewa yamanyazi inafera kuuna, achemwali. Alembereni, osati kungoimba foni, tumizani ndi zithunzi zomwe, sungani kalatayo. Akangoti zii, ku khansolo kuli a zaumoyo oyendera nyumba za lendi, ndi ntchito yawo. Ine ndikadatero poyamba, bwenzi cholakwa chili cha mwini nyumba. Potenga simenti ndinachisandutsa changa.

Zoti muchite Loweruka

M'malo mwa simenti gulani waya wa sefa wachitsulo, kapena zivundikiro zopangira air brick zomwe zimagulitsidwa m'mashopu a zomangira. Maso ake asafike mamilimita 6, chifukwa pomwe pensulo ingalowe kakhosweko kamalowanso. Vindikirani njerwa iliyonse, mphepo izidutsa. Musanavindikire chotsani masamba, dothi ndi akangaude, ndipo onani ngati wina sanaunjike dothi la maluwa kapena kuwaka pakhonde mpaka kukwirira mabowowo. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera muone ngati paipi yotsitsa madzi a padenga sikuthira pakhoma.

M'nyumba, pomwe paipi iliyonse ikuboola khoma kapena thabwa, tsenderanipo steel wool yotsukira mapoto ija kenako mumate. Thovu louma lija amapopera m'mipata, palokha amalitafuna ngati mbuliwuli. Ufa, mpunga ndi nyemba zilowe m'zidebe zotseka. Misampha wamba ya sipuling'i, nyambo chiponde pang'ono, itcheni motsamira khoma chifukwa ndi momwe amayenda, ingapo nthawi imodzi, pakuti kamodzi kakatenga bere masabata atatu okha kaswa. Ya ulimbo ija musaigwiritse ntchito, kuno ku England inaletsedwa kwa anthu wamba mu 2024. Poizoni sindimufuna m'nyumba ya ana, komanso kakadya kamakafera pansi pa matabwa pomwe dzanja silifika, inu n'kumanunkhiza milungu iwiri mukuyang'anana ndi bambo a kunyumba.

Za kamphepo ka m'akakolo, matani mipata ya matabwa m'katimo, yalani kapeti wochindikala, valani masokosi awiri. Ine ndimavala atatu.