Funsani Azakhali: Tikufuna wikendi ya magule ndi ana, koma apongozi akukana

Azakhali, ndine mayi wa ana atatu kuno ku Area 25, wamkulu ali ndi zaka 13 wamng'ono 6. Tsiku lina kusukulu anawapatsa homuweki yoti atchule magule asanu a kuno ku Malawi ndiye wapakatiyo analemba awiri basi, lachitatulo analemba dansi ya pa TikTok, ine zinandiwawa kwambiri poti ndinakula ndikuvina chimtali kwathu ku Nathenje. Bambo awo abwereka tenti kwa mnzawo wakuntchito, tikufuna holide ikubwerayi tichoke Lachisanu tibwereko Lamulungu, anawa akaone magule, amveko ng'oma komanso agwireko dongo. Vuto ndi apongozi anga amene tikukhala nawo, ndi munthu wa tchalitchi kwambiri ndipo akuti zidzukulu zawo zisakaone gule wamkulu. Tipite kuti? Nanga za apongozizi ndipange bwanji?
*Nachisale, Lilongwe*

Mwanawe Nachisale, mwaganiza bwino ndipo musazengereze, wa zaka 13 uyo kwangotsala pang'ono kuti ayambe kukana kuyenda ndi makolo. Ine ndikuti pitani ku Mua m'boma la Dedza, kufupi ndi Mtakataka. Mutha kudzera ku Dedza n'kutsika msewu wokhotakhota uja wa Khwekhwelere wa ku Golomoti, kapena kuzungulira ku Salima n'kulowa M5, ulendo wa maola ngati atatu mukamayenda mosathamanga, ana a m'tauni amasanza pa Khwekhwelere ndiye tengani timajumbo.

Ndasankha Mua dala chifukwa cha apongozi anuwo. Pamenepaja ndi pa mishoni ya Akatolika imene inayamba mu 1902, ndipo malo a zaluso a Kungoni anawatsegula ndi wansembe, Bambo Claude Boucher wa ku Canada amene anadzapatsidwa mfunda woti Chisale, ndiye mwati ndinu Nachisale mukafika kwa achibale. Anayamba mu 1976 kuphunzitsa anyamata kusema, kenako anamanga myuziyamu ya Chamare momwe muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo chipinda china chadzaza zigoba za gule mazanamazana zopachikidwa mpaka m'mwamba. Apongozi muwafotokozere zimenezi modekha, osati ngati mukuwatsutsa ayi. Akakanabe musakangane nawo pamaso pa ana. Nkhani ya gule ndi mpingo inayamba kalekale inu ndi ine tisanabadwe, simungaithetse pa wikendi imodzi. Muwauze bambo a anawo ndi amene alankhule ndi mayi awo, mugwirizane musananyamuke kuti gule akamatuluka agogo akhala pamthunzi ndipo ana aona ali pafupi ndi inu, kapena ngati zavutitsitsa aone zigoba za mu myuziyamu zokha, magule ena alipo ambiri, chisamba, chimtali, ngoma ya Angoni, mganda ndi mabadza ake, beni.

Koma chinthu chimodzi ndikupempheni, apongoziwo musawasiye kunyumba. Mwa nonsenu amene ali ndi chuma chomwe mukukafunacho ndi iwowo. Munthu wa msinkhu umenewo anasinjapo pamtondo akuyimba, anavinapo pa mwezi, akudziwa nthano, kungoti palibe amene amawafunsa poti madzulo aliyense amakhala pa foni kapena pa TV. Usiku wa Loweruka mukakoleza moto pafupi ndi tentiyo, mbatata zili paphulusa, muwayambe pang'onopang'ono kuti amayi kodi nyimbo ija munkayimba pochokera kumadzi inkati bwanji, mudzaona okha akuyamba kuwomba m'manja. Akati padangotero ana aphunzire kuyankha kuti tili tonse, akati ndagi ayankhe gize. Ine mayi anga anamwalira ndi nyimbo zambiri zomwe sindinawafunse, lero ndimakumbuka mzere woyamba wokha, zimandipweteka mpaka pano.

Za magulezo muyimbe foni pasadakhale, musangofika n'kuyembekezera kuti mupeza ng'oma zikulira, ovinawo ndi anthu a m'midzi yozungulira, ali ndi minda ndi madimba awo, amafunika kuwakonzekeretsa komanso kuwalipira. Chaka ndi chaka cha mu Ogasiti kumakhala tsiku lalikulu la magule, ngati holide yanu ikugwa pamenepo ndiye mwaphula. Mufunsiretu za pokhoma tenti, ndipo agogo ndi wamng'onoyo muwapezere chipinda pa Namalikhate pomwe alendo amagona, mafupa a munthu wamkulu sagwirizana ndi matiresi apansi. Mua ili m'munsi mwa phiri, kumatentha kusiyana ndi pa Dedza boma ndipo udzudzu ulipo, neti musaiwale, tochi, madzi akumwa, ufa wanu ndi kambaula.

Gule akatuluka pali mwambo wake, anawo muwauziretu. Pabwalo sitilowa pakati, sitiloza chala n'kumafuula kuti uyo ndi munthu, zija ndi zilombo basi. Kudambwe sikupitidwa ngakhale mwana atachita chidwi chotani. Pojambula mufunse kaye. Kusupa ndi ulemu, sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono. Wa zaka 6 uja akhoza kulira akaona Makanja atatalika pamitengo kapena Kang'wingwi ali matope okhaokha, mumunyamule osamuseka. Wamkuluyo mumuuze aziyang'ana woimba mbalule, ng'oma yotsogolera ija, aone mmene ng'oma ikutsatira miyendo ya gule, komanso mmene amaiwambira pamoto chikopa chikafooka, ndi phula lija amamata pakati kuti mawu atsike. Gule ameneyu a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anamulengeza mu 2005 pamodzi ndi vimbuza kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, pa homuweki ina akalembe zimenezo.

Zamanja ndiye musangogula n'kuponya m'galimoto. Khalani pansi pafupi ndi osema ola lathunthu, ana aone sompho mmene amagwirira, anunkhize mtengo, apemphe sandipepa asalaze kenakake, mpeni wokha wamng'onoyo asagwire. Mukapeza mayi woumba apatseni kangachepe kuti anawo aumbeko timiphika tawo ngakhale tituluke tokhota, kapena ayese kuluka kachidutswa ka mkeka ndi mlaza. Ndipo chonde osanenerera mitengo mpaka munthu kumvetsa chisoni, chosema chimodzi chimadya masiku. Foni za ana zitsale m'chikwama chanu, yanu yokha ikhale yojambulira, ndipo chimtali chikayamba mumange chitenje mulowe, mwana wanu wamkazi akuoneni mukuvina.

Azakhali, ine ku Mua sindingakwanitse, tharansipoti ya anthu asanu kuchokera ku Chilobwe ndi yambiri ndipo tenti tilibe. Pali china chomwe tingachite?
*Bambo wa ku Chilobwe, Blantyre*

Chilipo achimwene. Inu muli pafupi ndi Chonde ku Mulanje komwe a Mulhako wa Alhomwe amasonkhana mu Okutobala, mutha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, ana akaona tchopa ndi maso awo, gule amene naye analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014. Anthu amachuluka kwambiri ndiye agwireni padzanja, mugwirizane malo okumana wina akasochera. Pa Chichiri pomwepo palinso myuziyamu, minibasi imodzi mwafika.

Koma ngati kumudzi kwanu kuli kofikika, ndalama yomweyo kwererani basi mupite kumeneko Lachisanu. Tenti si lamulo, mphasa pakhonde ndi neti zakwana, ana amakondwa kugona panja kuposa mmene mukuganizira. Mutumize uthenga kwa amalume sabata isanafike kuti afunse amene ali ndi ng'oma, bangwe kapena kaligo m'mudzimo, nthawi zambiri pamapezeka mkulu mmodzi amene anachipachika kudenga poti palibe womvera, mumutengere shuga ndi sopo. Masana anyamata apite ndi anzawo akapange galimoto zamawaya, atsikana akakhale ndi azakhali awo posinja. Nsungwi zoti alukire lichero muwauze amalumewo adule msanga kuti mukafika zikhale zong'amba kale.