Kwa achemwali amene afunsa za chisomo ndi malamulo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati popeza tinapulumutsidwa mwachisomo, ndipo mumtima mukudziwa kuti Mulungu mumamukonda, nanga malamulo ndi achiyaninso? Ena akuyankhani kale kuti mwalowerera. Ine sindikuona choncho. Wolowerera safunsa, amangochita.

Tsegulani Eksodo 20. Mulungu asanatchule lamulo ndi limodzi lomwe, akuyamba wawakumbutsa Aisraeli kuti ndi Iye amene anawatulutsa mu ukapolo ku Iguputo. Sanati sungani kaye malamulo khumiwa ndipo ndidzakuwolotsani nyanja, ayi. Anawawolotsa, malamulo a pa phiri la Sinai anabwera pambuyo. Choncho mukunena zoona, chipulumutso sitigula. Koma pa Aefeso 2 ambirife timaima pa ndime 9, yonena kuti chipulumutso sichichokera ku ntchito, pamene ndime 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino. Ndipo Ambuye mwini wake pa Yohane 14:15 anamangirira ziwirizi pamodzi: "Ngati mukonda Ine, sungani malamulo anga."

Ndikuuzeni zanga, poti mavesi okha ndinkawadziwa kalekale koma osandisintha. Ine ndimachita geni ya usipa. Ndimapikula ku Makawa, kuyanika, n'kumagulitsa mumsika pa boma pano pa Mangochi. Kwa zaka zingapo ndinali ndi zigoba ziwiri, chachikulu chopikulira, china chophwanyika pang'ono kunsi chogulitsira. Mumtima ndinkati ndi mmene geni imayendera, nanga si anzanga ambiri amatero. Lamulungu ndinkaimba kwaya mpaka misozi, ndipo sindinkanamizira, Mulungu ndinkamumvadi mumtima.

Tsiku lina mayi wina wachisilamu, kasitomala wanga wakale, ananyamula chigoba chija n'kuchitembenuza. Anayang'ana kunsi kwake, kenako anayang'ana ine, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Amayi, si inu mumaimba kutchalitchi kuja?" Sanakalipe. Analipira usipa wake n'kumapita. Usiku umenewo tulo sindinatione. Patapita masiku ndinapeza Deuteronomo 25:13-15, pamene Mulungu akuletsa kusunga m'nyumba miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono. Zinali ngati analemba ataima pambali pa benchi langa.

Chigoba chija ndinachitaya. Sindikunamizani kuti madalitso anagwa ngati mvula sabata yomweyo. Phindu linatsika, ndipo fizi ya ana teremu imeneyo inandisautsa kwambiri. Koma kwa nthawi yoyamba ndinapemphera popanda chinthu chondikoka kumsana. Apa m'pamene ndinamvetsa 1 Yohane 5:3, yomwe imati chikondi cha Mulungu ndiko kusunga malamulo ake, ndipo malamulowo si olemetsa. Kale vesili linkandikwiyitsa, chifukwa kwa ine ankalemera ndithu. Akuluakulu amati njovu siilemedwa ndi minyanga yake. Lamulo la munthu amene sumukonda ndi katundu wa eni, koma la Atate wako umalisenza ngati lako.

Komabe ndikumvetsa chimene chimatopetsa anthu ngati inu. M'mipingo mwathu muli ena amene asandutsa kumvera kukhala kuyeza kutalika kwa siketi ya mnzawo, kwinaku wantchito wa pakhomo pawo sanamulipire miyezi iwiri. Zimenezi zimandipweteka. Yesu anadzudzula Afarisi pa Mateyu 23:23 chifukwa chopereka chakhumi ngakhale cha timbewu tonunkhira, n'kusiya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika. Atafunsidwa za lamulo lalikulu pa Mateyu 22, anatchula awiri: kukonda Mulungu ndi mtima wonse, ndi kukonda mnzako monga udzikondera mwini. Kuno ku Mangochi mnzakoyo nthawi zambiri ndi Msilamu amene mumatunga naye pamjigo umodzi, ndipo iye Baibulo lanu saliwerenga, amawerenga chigoba chanu.

Mwina mukuopa kuti mudzalephera. Mudzalepheradi nthawi zina, inenso ndimagwa, makamaka pakamwa. Koma onani Petro, msodzi ngati abale athu a ku Malombe ndi ku Monkey Bay. Anakana Ambuye katatu. Pa Yohane 21 Yesu anamupeza pagombe, atasonkha kale moto wamakala, nsomba ili pamoto. Sanamuwerengere milandu. Anamufunsa katatu ngati amamukonda, ndipo Petro akayankha kuti inde, ankamupatsa ntchito nthawi yomweyo, yodyetsa ndi kuweta nkhosa zake.

Ndikuganiza kuti pali lamulo lina lake limene likukusowetsani mtendere, n'chifukwa chake mwafunsa. Ngati ndi choncho musalilembe pano pagulu, anthu ena pakamwa n'polasa. Ndilembereni kumbali, kapena mukaonane ndi mayi wamkulu wa mumpingo mwanu amene amasunga chinsinsi. Ine foni ndimaigwira madzulo ndikaweruka kumsika, ndipo usiku uno ndikukumbukirani m'pemphero.