Chigubu cha mankhwala opopera si chosungiramo mafuta

Mayi a ku Ulongwe, mwafunsa ngati chigubu chomwe munali mankhwala opopera kachewere mungasungiremo mafuta ophikira mukachitsuka ndi sopo. Chonde musatero. Pulasitiki imamwa mankhwalawo, ndipo fungo likatha sikuti poizoni watha.

Chitsukeni katatu, madziwo muwathire m'sipuleya n'kupopera m'munda momwemo, osati kumtsinje kumene ana amasamba. Kenako chibooleni pansi kuti wina asadzachitole n'kumatungira madzi. Musachiwotchenso, utsi wake ndi woopsa. Zimandiwawa ndikaona zigubu zotere zikugulitsidwa m'misika ya kuno ku Angónia.

Malangizo a mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi ulimi (FAO) ndi zaumoyo (WHO) amati opanga mankhwala ali ndi udindo ngakhale pa zigubu zotha ntchito, choncho funsani amene anakugulitsani kapena alangizi kumene zimasonkhanitsidwa. Mukamagulanso, onani mzere wa palebulo: wofiira ndiwo wa mankhwala oopsa kwambiri.